Ndalama za mjigo ku Kande: n'chifukwa chiyani zimavuta kusonkha?

Kwathu ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, mijigo yambiri ndi ya mtundu wa Afridev, imene anaipanga kuti eni mudzi azitha kusintha okha malabala akatha. Ndondomeko ya boma imati mjigo ukakumbidwa, ndi wa anthu: khomo lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi, komiti izisunga. Koma tsiku loti mjigo wafa, kawirikawiri thumba la komiti limapezeka mulibe kanthu, amayi n'kutsikira kunyanja ndi zidebe. Kuipa kwa madzi amenewo tinakuona mu 2022 kolera itavuta ku Tukombo. Pofika pakati pa 2023 mliriwo unali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Ena amati ndife oumira. Ine ndikukana. Mayi yemweyo amene amazemba ya mjigo saphonya tsiku la banki mkhonde, ndipo maliro akagwa palibe khomo losatulutsa ufa kapena nkhuni.

Kusiyana kwake kuli m'maganizo a wosonkhayo. Mu 2001 akatswiri atatu, Urs Fischbacher, Simon Gächter ndi Ernst Fehr, anafalitsa zimene anapeza ku Zurich. Anapatsa ophunzira ndalama kuti asankhe kusunga kapena kuponya m'thumba la gulu lopindulira onse. Pafupifupi theka ankaponya molingana ndi mmene anzawo aponyera, pamene atatu mwa khumi alionse sankaponya kalikonse. Ndiye kuti ambiri ali ndi mtima wopereka, koma safuna kupusitsidwa. Akamva kuti uje akutunga osalipira, naonso amabweza dzanja, thumba n'kuuma.

Banki mkhonde inatseka mpata umenewu. Ndalama amawerenga mokweza pamaso pa onse, bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu osiyana, ndipo wochedwa amalipira chindapusa chimene anavomereza yekha. Za mjigo zimagona m'nyumba ya msungichuma miyezi yambiri popanda woziona, ndipo mphekesera yoti "akomiti adya" imakwanira kuimitsa mudzi wonse, ngakhale atakhala kuti sanadye. Komanso mjigo ukamatulutsa madzi, zimavuta kulipirira vuto limene silinafike.

Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anaonetsa kuti chuma cha onse chimakhalitsa pamene ochigwiritsa ntchito apanga okha malamulo, akuyang'anirana, ndipo chilango chikuyambira chochepa.

Choncho ndikupempha makomiti ndi mafumu athu kuti mwezi uliwonse aziwerenga pamjigo pomwepo mayina a olipira ndi ndalama zotsala, aonetse malisiti a zipangizo, ndipo mudzi ugwirizane poyera za okalamba ndi amasiye oyenera kukhululukidwa. Munthu akaona kuti mnzake wapereka ndipo ndalama ilipo, amapereka.