Msinkhu Umene Sikelo Siuyeza

Mayi akapita ndi mwana ku sikelo, a zaumoyo amampima nalemba kulemera kwake pa kadi. Mzere ukamakwera onse amakondwa. Ukagona kapena kutsika, mayi amalangizidwa za phala lotendera nsinjiro. Mwana akakwanitsa zaka 5 sikelo imatha. Koma kulinso kukula kwina, kwa nzeru ndi mtima, kumene sikulekera pa zaka 5 ngakhale pa zaka 50.

Mmodzi mwa anthu amene anafotokoza bwino za kukula kumeneku ndi Erik Erikson, yemwe anabadwira ku Frankfurt m'dziko la Germany mu 1902. Ntchito yothandiza ana ovutika maganizo anaiphunzira ku Vienna kwa Anna Freud, mwana wa Sigmund Freud, ndipo mu 1933 anasamukira ku America. Akatswiri ena, monga Freud ndi Jean Piaget wa ku Switzerland, nawonso anagaŵa kukula kwa munthu m'misinkhu, koma analekezera pa unyamata, ngati kuti munthu akamera ndevu watha kukula. M'buku lake la mu 1950, lotchedwa Childhood and Society, Erikson anaŵerenga misinkhu 8, kuyambira pa chikuta kufikira ku ukalamba, nati msinkhu uliwonse uli ndi funso lake limene munthu ayenera kuliyankha.

Funso loyamba ndi la khanda, kufikira likwanitse chaka ndi theka: kodi anthu ndi odalirika? Likalira n'kunyamulidwa, likamva njala n'kupatsidwa bere, limayamba kukhulupirira. Likalira popanda wobwera, limaphunzira kukayika. Mu 1945 dokotala René Spitz anafalitsa zimene anaona m'nyumba ina yolereramo makanda osiyidwa. Nyumbayo inali yaukhondo, chakudya chinalipo, koma anamwino anali ochepa ndipo panalibe woŵabereka anawo kapena kuŵaseŵeretsa. Anayamba kungokhala duu, anachedwa kuyenda ndi kulankhula, ndipo ambiri anamwalira. Sopo ndi madzi oŵiritsa n'zofunika, palibe wa zaumoyo angakane, koma siziloŵa m'malo mwa msana wa mayi.

Apa ndi pamene kutumbiza kumapweteka paŵiri. M'midzi yambiri mayi akazindikira kuti waima amaletsa mwana kuyamwa tsiku lomwelo, poopa kuti mkaka waonongeka, mwinanso n'kumtumiza kwa agogo ake. Mkaka wa mayi woyembekezera suvulaza mwana. Chimene chimamvulaza ndi kutaya bere ndi mayi pa tsiku limodzi: amanyong'onyeka, amakana phala, kenaka miyendo imatupa. Dzina lakuti kwashiorkor, limene dokotala Cicely Williams analitchukitsa mu 1935, ndi mau a chiyankhulo cha Ga cha ku Ghana onena za matenda a mwana wolandidwa malo ndi mng'ono wake.

Misinkhu itatu yotsatira ndi yodziŵika kwa kholo lililonse. Wa zaka 2 amalimbirana supuni kuti adye yekha. Wa zaka 4 amafunsa mafunso osatha. Wa ku pulayimale amafuna kuoneka kuti amatha kanthu, kaya ndi samu kaya kupanga galimoto yamawaya. Wonyozedwa pa chilichonse amakula akudziona wachabe.

Pa kutha msinkhu funso limakhala lakuti, ine ndine yani? Erikson analidziŵa funsoli mwa iye mwini. Bambo wake womubereka sanamdziŵe konse. Ku sunagoge anzake ankamseka chifukwa cha tsitsi loyera ndi maso obiriŵira, pamene ku sukulu ankamnyoza kuti ndi Myuda. Dzina lakuti Erikson anadzipatsa yekha ali wamkulu. Makolo akale ankayankha funsoli ndi chinamwali: namwali ankatuluka atauzidwa kuti tsopano wakula, malo ake ndi aŵa. Mnyamata wosoŵa womuuza zimenezi amakafuna yankho kwa anzake, ndipo kaŵirikaŵiri amalipeza ku moŵa ndi chamba.

Pambuyo pake pamadza msinkhu wophunzira kukondana ndi kukhala ndi mnzako, kenaka wolera ndi kuphunzitsa obwera m'mbuyo, ndipo potsiriza wa nkhalamba yoyang'ana kumene yachokera, mokhutira kapena modandaula.

Zaka za misinkhuyi si lamulo. Erikson anazipeza poyang'ana makamaka anthu a ku Ulaya ndi America, ngakhale anakhalako pakati pa mitundu ya Sioux ndi Yurok. Mtsikana wa zaka 15 wobereka mwana kumbuyo amasenza mafunso a misinkhu itatu nthaŵi imodzi. Ndiponso funso limene silinayankhidwe bwino pa ubwana limatha kudzakonzeka munthu akapeza omkonda.

Erikson anamwalira mu 1994. Mkazi wake Joan, amene anagwira naye ntchitoyi, anaonjeza msinkhu wachisanu ndi chinayi m'buku lotuluka mu 1997, iye mwini atapitirira zaka 90. Anaona kuti maso akachita mdima, miyendo n'kukana, mafunso onse akale amabweranso. Gogo wosambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi manja a ena amafunsanso funso la khanda lija: kodi akaitana usiku, pabwera munthu?