Chenjezo la namondwe wa padzuwa limapulumutsa chuma

Mbandakucha wa pa 13 Malichi 1989, anthu pafupifupi 6 miliyoni a m'chigawo cha Quebec ku Canada anapezeka ali mumdima. Pasanathe mphindi ziwiri, nthambo zonse zikuluzikulu za kampani ya Hydro-Québec zinali zitaleka kuyendetsa magetsi, ndipo madera ambiri anakhala choncho kwa maola 9. Mafakitale anaima, sukulu ndi malo ochitira malonda zinatsekedwa. Gwero la chipwirikiti chonsecho linali dzuwa.

Nthawi zina dzuwa limalavula chimtambo cha tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Chimtambocho chikalunjika kuno, chimayenda tsiku limodzi kapena mpaka atatu, ndipo chikafika chimagwedeza mphamvu ya maginito imene yazinga dziko lapansi. Kugwedezekako kumadzutsa magetsi osokera m'nthaka, omwe amakwera m'nthambo zazitali n'kulowa m'mathiransifoma. Akachuluka, thiransifoma imatentha mopitirira muyezo, mwinanso kupseratu. Izi ndi zimene akatswiri amazitcha namondwe wa padzuwa.

Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imasanduka ya chuma. Thiransifoma yaikulu imagulidwa ndi madola mamiliyoni, imapangidwa pokhapokha wina akaitanitsa, ndipo kuti ifike pamatha chaka kapena kuposerapo. Nthawi yonseyo migodi, zipatala, mabanki ndi makina opopa madzi zimakhala zikuvutika. M'chaka cha 2013, a zainshuwalansi a Lloyd's ku London anawerengera kuti namondwe wofanana ndi wa mu Sepitembala 1859, yemwe anasokoneza mawaya otumizira mauthenga, atabweranso lero angawonongetse dziko la America ndalama zapakati pa madola 600 biliyoni ndi 2.6 thililiyoni.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti vutoli ndi la maiko akumpoto kwenikweni okha. Koma namondwe wa mu Okutobala 2003, yemwe anathimitsa magetsi mumzinda wa Malmö ku Sweden, anawononganso mathiransifoma angapo a kampani ya Eskom ku South Africa.

N'chifukwa chake maiko akuika ndalama pa ntchito yolosera. Ku America ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la NOAA mumzinda wa Boulder, ku Britain nthambi ya zanyengo ya Met Office inatsegula ofesi yake m'chaka cha 2014, pomwe ku South Africa bungwe la SANSA linatsegula malo oyang'anira dzuwa usana ndi usiku ku Hermanus m'chaka cha 2022. Akatswiriwa akaona dzuwa litalavula, amachenjeza kudakali tsiku kapena masiku. Ukali weniweni wa namondweyo umadziwika chimtambocho chikadutsa masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko, ndipo apa pamatsala mphindi 15 mpaka 60 zokha.

Mphindi zimenezo n'zochepa, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Oyendetsa magetsi amaimitsa kaye ntchito yokonza nthambo kuti njira zonse zikhale zotseguka, amapeputsa katundu pa mathiransifoma, ndipo amayatsa makina oyembekezera. Mu Meyi 2024, pa namondwe wamphamvu kuposa onse chichitikire wa 2003, kampani ya Transpower ku New Zealand inachotsa dala nthambo zina pa ntchito kuti iteteze zipangizo zake, ndipo ogula sanathimiridwe magetsi.

Komabe kukonzekera nakonso kumadya ndalama. Chenjezo likakhala lopanda pake, kampani imakhala yayatsa makina odula pachabe, ndipo likabwerezabwereza, anthu amaleka kulimvera. Choncho phindu la kulosera lagona pa kulondola kwake: kunena nthawi imene namondwe afike, ukali wake, ndi nthambo zimene zili pachiopsezo. Ndalama zolipirira akatswiri ndi masetilaiti zimadziwika chaka ndi chaka, pomwe za thiransifoma yopsa zimabwera tsiku limodzi, magetsi atathima kale.