Chimfine cha mungu ndi fumbi: mankhwala opopera m'mphuno amafuna kudekha

Alimi anzathu, pali chimfine china chimene sichimva mankhwala a chimfine wamba. Munthu amayetsemula motsatizana, mphuno zimatsekeka, mamina amatuluka ngati madzi ndipo maso amayabwa, koma thupi silitentha. Chimfine chotere sichipatsirana. Chimayamba thupi likamadana ndi mungu, fumbi kapena nkhungu zimene munthu wapuma, ndipo mkati mwa mphuno mumatupa.

Vutoli limakula pamene udzu ukuchita maluwa ndi chimanga chikutulutsa ngayaye, kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Ena limawagwira potong'ola chimanga, popeta kapena posankha fodya m'chigafa, ndipo ena m'miyezi ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala. Mu Lilongwe limazunzanso otchetcha kapinga m'nyumba za ku Area 3, Area 10 ndi Area 43, komanso alimi obweretsa ndiwo zamasamba kumsika wa ku Old Town. Munthu wosagona tulo kamba ka mphuno zotsekeka sapita patali ndi khasu m'mawa.

Ambiri amathamangira Piriton. Mankhwalawa amachepetsa kuyetsemula koma amagonetsa, choncho ngoopsa kwa wopalasa njinga ya katundu kapena wogwira ntchito pachigayo. Kwa akuluakulu amene chimfinechi chimawavuta kawirikawiri, achipatala amalangiza mankhwala opopera m'mphuno a gulu la corticosteroid, monga beclometasone, fluticasone ndi mometasone. Ntchito yake ndi kuphwetsa kutupa kuja. Mlingo wake ngochepa kwambiri, ndipo mankhwala olowa m'magazi ngochepa zedi poyerekeza ndi mapilitsi a prednisolone.

Mfundo yaikulu ndi iyi: mankhwalawa satsegula mphuno nthawi yomweyo. Kusintha kumayamba pakatha masiku angapo, ndipo mphamvu yake yonse ingatenge masabata awiri. Wopopera masiku awiri n'kusiya wataya ndalama zake. Poperani tsiku lililonse nyengo yonse ya vutolo, ngakhale tsiku limene mukupeza bwino. Ngati mukudziwa mwezi umene chimfine chimakuyambani, yambani kupopera kutatsala masabata awiri, monga momwe timakonzera mizere mvula isanagwe.

Mlingo umasiyana malinga ndi mtundu. Beclometasone amapopera kawiri m'bowo lililonse la mphuno m'mawa ndi madzulo, osapitirira ka 8 patsiku. Fluticasone amapopera kawiri m'bowo lililonse kamodzi patsiku. Mukayamba kupeza bwino, mlingowu umatha kuchepetsedwa. Tsatirani zimene wa kufamase wakuuzani.

Kapoperedwe kake ndi kotere:

1. Minani bwinobwino, kenaka khutchumulani botolo. Ngati ndi latsopano, poperani m'mwamba mpaka mankhwala atuluke ngati nkhungu.
2. Weramitsani mutu pang'ono.
3. Gwiritsani dzanja lamanja popopera bowo lamanzere, ndi lamanzere popopera bowo lamanja. Izi zimathandiza kuloza kukhutu, osati pachipupa chapakati pa mphuno chimene chimachucha magazi msanga.
4. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Mukakoka mwamphamvu mankhwala amathera kukhosi.
5. Pukutani kamwa ya botolo, ndipo musabwerekane ndi munthu wina.

Ena amauma m'mphuno kapena kutuluka kamfuno pang'ono. Kamfunoyo akapitirira, siyani ndipo kaonaneni ndi achipatala. Musasokoneze mankhwalawa ndi ena otsegula mphuno msanga monga Otrivin. Amenewo mukawagwiritsa ntchito kupitirira sabata imodzi, mphuno zimatsekeka kuposa kale.

Ngati mukumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, nenani musanagule, chifukwa amachititsa fluticasone kuchulukana m'thupi mpaka kudwalitsa. Kwa anthu otere madokotala amakonda kupereka beclometasone. Amayi oyembekezera, odwala TB, odwala glaucoma ndi amene achitidwa opaleshoni ya mphuno ayambe afunsa dokotala. Malangizo awa ndi a akuluakulu. Ana ali ndi mlingo wawo.

Thupi likatentha, si chimfine cha mungu ayi, kayezetseni malungo. Pitaninso kuchipatala ngati mukubanika kapena chifuwa chikulira ngati mphumu, ngati mamina akutuluka bowo limodzi lokha, ngati palibe kusintha pakatha masabata awiri, kapena ngati mwapopera miyezi itatu osaonana ndi dokotala.

Gulani mankhwalawa m'mafamase ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, monga amene ali ku Old Town ndi ku City Centre, osati kwa ogulitsa m'misika. Onani tsiku lotha mphamvu ndipo funsani kuti botolo limodzi likufikitsani masiku angati. Popeta imani kumene mphepo ikuchokera, mangani kansalu kumphuno, ndipo mukaweruka sambani ndi kusintha zovala.