Pamene Facebook Inatseka Bwalo la Anthu a ku Thailand

Anzanga, ambiri a ife timayesa kuti pa Facebook munthu angathe kunena za kukhosi kwake mosaopa, popeza eni ake akhala kutali ku America. Zimene zinachitika ku Thailand zitionetsa kuti si tero ayi.

Dzikoli lili ku Asia, ndipo lili ndi Mfumu. M'buku lawo la malamulo muli gawo 112, lonena kuti wonyoza Mfumu, Mfumukazi kapena wolowa ufumu akhale m'ndende zaka 3 kufikira 15. Choopsa n'chakuti munthu aliyense angathe kusumira mnzake, ndipo oweruza amawerenga milandu umodziumodzi, naphatikiza zakazo. Motero m'chaka cha 2021 mayi wina wachikulire, Anchan Preelert, analamulidwa zaka 87 chifukwa chofalitsa mawu ojambulidwa pa Facebook ndi YouTube. Popeza anavomera mlandu, anamudulira pakati, nizitsala zaka 43 ndi theka.

Tsono mu 2020 mphunzitsi wina wa ku Thailand wokhala ku Kyoto, m'dziko la Japan, dzina lake Pavin Chachavalpongpun, anatsegula gulu pa Facebook lotchedwa Royalist Marketplace. M'menemo anthu anali kukambirana za ufumu poyera, mwina moseka, chinthu chimene makolo awo sanali kuchita ngakhale monong'ona. Posakhalitsa anakwana miliyoni imodzi. Boma la Prayut Chan-o-cha, mkulu wa asilikali amene analanda ulamuliro mu 2014, linaopseza Facebook ndi milandu. Pa 24 Ogasiti 2020 kampaniyo inamvera.

Taonani m'mene inatsekera. Gululo silinafafanizidwe; munthu wa ku London kapena wa ku Zomba anali kulionabe. Amene analephera kulowa ndi okhala m'Thailand okha, eni nkhani enieniwo!

Nanga kampani yolemera chotere inagonjeranji? Chuma chake chimachokera kwa amalonda olengeza katundu wawo, ndipo ku Thailand kuli anthu mamiliyoni ambiri owerenga zolengezazo. Ilinso ndi antchito ku Bangkok, amene apolisi angathe kuwafikira. Eni ake ananena kuti anakakamizidwa, kuti lamulo lotere liswa ufulu wa anthu, ndi kuti adzalitsutsa kubwalo la milandu. Ena amawaikira kumbuyo nati, kukana kukadatseketsa Facebook yonse m'dzikomo. Mantha amenewa si achabe: mu 2007 YouTube inatsekedwa kumeneko miyezi ingapo, kufikira eni ake atavomera kubisa zithunzi zonyoza Mfumu. Komabe ine ndiona kuti Boma likaopseza kamodzi nilipambana, laphunzira njira yobwerera mawa.

Pavin anadzudzula Facebook kuti yagwirizana ndi Boma lankhanza, natsegula gulu lina la dzina lofanana. Pasanathe masiku awiri munalowa anthu oposa 500,000, ambiri a iwo akudziwa bwino lomwe za gawo 112.