Mawu Aatali Saopsa

Ku Fonte Boa ana amathandiza makolo kukolola mbatata ya kacewere. Mwana sanganyamule thumba lodzaza. Koma akamatuta pang'onopang'ono, mbatata yonse imafika kunyumba. Mawu aatali amawerengedwanso cimodzimodzi, pang'onopang'ono.

Mawu ali ndi tizidutswa. Tizidutswa timeneti ndi maphatikizo. Mwana akamachula mawu, aziomba m'manja pa phatikizo lililonse.

ba-la: kawiri
ci-ma-nga: katatu
ka-ce-we-re: kanayi

M'mawu onsewa phatikizo likuthera pa a, e, i, o kapena u. Malembo monga ng, mb ndi ns sasiyana. Amayendera limodzi: nso-mba.

Phatikizo lina limakokedwa pang'ono. Ndi lija loyandikana ndi lomaliza. Pochula cimanga, mawu amakoka pa ma. Pochula kacewere, amakoka pa we.

Mawu ena aatali ndi mawu awiri olumikizana. Kadyansonga ndi nyama ya khosi lalitali. M'dzina lake muli kudya ndi nsonga, cifukwa imadya masamba a kunsonga kwa mitengo. Nkhalapakati ndi munthu woyanjanitsa anthu awiri. M'dzina lake muli kukhala ndi pakati. Mwana akapeza mawu awiriwo, wapezanso tanthauzo.

Cipwitikizi naconso cimalumikiza mawu. Guarda ndi kuteteza, chuva ndi mvula, ndipo guarda-chuva ndi ambulera. Fonte ndi kasupe, boa ndi wabwino. Conco Fonte Boa ndi Kasupe Wabwino. Koma m'Cipwitikizi phatikizo lingathere pa lembo lina, monga r m'mawu akuti ca-der-no. Mphamvu ingakhalenso kumapeto, monga mu café.

Kuyambira 1993 mpaka 1997 sukulu zina za m'cigawo ca Tete zinayesa kuphunzitsa ana kuwerenga m'Cinyanja coyamba, kenaka m'Cipwitikizi. Nchitoyo inkachedwa PEBIMO. Mwana wodziwa kugawa mawu a cinenero cake savutika kwambiri kugawa mawu a cinenero cina.

Mwana woopa mawu aatali amatseka buku msanga. Makolo angathe kumuthandiza ngakhale sadziwa kuwerenga. Madzulo, nsima ili pamoto, amayi achule dzina la mwana wawo. Mwanayo aombe m'manja ndi kuwerenga maphatikizo ake. Kenaka achule maina a abale ake onse. Kodi m'nyumbamo ndani ali ndi dzina lalitali kuposa onse?