Chuku, Mdani wa m'Nkhokwe

Ife alimi a kooperativa kuno ku Lifidzi timalima chimanga, nyemba ndi mtedza. Tikakolola timati ntchito yatha. Ayi anzathu, siinathe. M'nkhokwe mumalowa mdani wina. Dzina lake ndi chuku.

Chuku ndi mbale wake wa bowa. Chimakhala m'dothi. Mtundu woopsa akatswiri amautcha Aspergillus flavus. Ndi wobiriwira mosakanikirana ndi chikasu. Umakonda malo ofunda ndi achinyezi. Umalowa mu mtedza wotemedwa ndi khasu, ndi m'chimanga chobooledwa ndi anankafumbwe.

Chukuchi chikamakula chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoksini. Alipo wa mitundu ingapo, koma woipitsitsa ndi wotchedwa B1. Poizoniyu saoneka ndi maso. Ngakhale tikazinge mtedza, ngakhale tiphike nsima, iye satha.

Anadziwika bwanji? Mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri pofufuza anapeza poizoni ameneyu. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku.

Tikamadya pang'onopang'ono sitifa tsiku lomwelo. Koma chiwindi chimaonongeka, mpaka ena amadwala khansa. Ana amapinimbira. Poizoniyu amalowanso mu mkaka wa ng'ombe ndi wa mayi woyamwitsa.

Tsono taonani zimene timachita. Mtedza wabwino timapita nawo kumsika. Wowola ndi wonyala timasinja nsinjiro, n'kuthira m'phala la mwana. Kodi si kum'patsa matenda ndi manja athu omwe?

Tichite izi:

1. Tikumbe mtedza ukangokhwima, osachedwa.
2. Tiyanike mbewu pamphasa kapena pathandala, osati padothi.
3. Mtedza uume mpaka uzilira tikaugwedeza.
4. Tisawaze madzi pa mtedza pofuna kuti usweke msanga.
5. Nkhokwe ikhale pamwamba, denga lake lisadonthe.
6. Mbewu zachuku tizitenthe kapena tizikwirire. Tisadye, tisafulire mowa, tisapatse nkhuku kapena nkhumba.

Mtedza wa mwana tisankhe ngati wa mbewu.

Mafunso

1. Kodi chuku chimakonda malo otani?
2. Kodi moto umathetsa aflatoksini?
3. Kodi kwanu mumatani ndi mtedza wowola? Kambiranani.

Lembani m'kope: chuku, chiwindi, chinyezi, nkhokwe.