Makala sachiza kolera: za shuga, mchere ndi mapiritsi

Amayi, abambo ndi achinyamata nonse amene mukukhala m'matenti ndi m'makalasi a sukulu, pali funso limene ife ma activista timalimva kawirikawiri tikamayenda pa msasa: kodi munthu akayamba kutsegula m'mimba, si bwino kumusinjira makala n'kumumwetsa? Yankho ndi lakuti ayi. Koma ena mwa inu munamvapo kuti ngakhale kuchipatala amapereka makala. Zimenezo n'zoona, tsono tiyeni tizilongosole bwino.

Makala ndi nkhuni zimene zapsa mopanda mpweya wokwanira mpaka kutsala chakuda chija. Amene munaphunzira Química ku sekondale mukuchidziwa kuti carbono, ife tizingoti kaboni. Kaboni yemweyu ali mu ufa, m'mafuta ophikira, mu shuga, ndiponso m'mapiritsi ambiri a kuchipatala. Shuga akapserera mumphika amada bii, ameneyo ndi kaboni waonekera. Koma zinthu zonsezi sizigwira ntchito imodzi m'thupi, chifukwa m'chilichonse kaboni analumikizana ndi zinthu zina mwa njira yakeyake.

Makala a kuchipatala si a pa mbaula ayi. Amawakonza ku fakitale pa moto waukulu kwambiri mpaka amakhala ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Munthu akamwa poizoni kapena mapiritsi ochuluka, achipatala amatha kum'patsa makalawa, makamaka ola limodzi lisanathe, kuti poizoniyo akanirire m'timabowo tija asanalowe m'magazi. Ntchito yake ndi yomweyo.

Kolera ndi nkhani ina. Tizilombo take timakakamira m'matumbo n'kumatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kukhuthula madzi ndi mchere wa m'thupi. Munthu wamkulu amene yamugwira kwambiri amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo pamangotenga maola ochepa. Makala sabwezera madziwo ngakhale dontho. Amadetsanso chimbudzi, moti anamwino amavutika kuona ngati chili choyera ngati madzi otsukira mpunga kapena muli magazi, pamene zimenezi n'zimene zimawathandiza kusiyanitsa kolera ndi kamwazi. Akhozanso kugwira mankhwala enieni amene wodwala apatsidwe, osalowanso m'thupi. Nanga nthawi imene mwataya pofuna makala ndi mtondo?

Chinthu cha kaboni chimene chimapulumutsa wodwala kolera ndi shuga, koma shuga woyenda pamodzi ndi mchere. M'makoma a matumbo muli ngati timakomo timene mchere umalowera pokhapokha ukaperekezedwa ndi shuga wa mtundu wa glucose. Poizoni wa kolera satseka timakomo timeneti. Mchere ukalowa, madzi amautsatira, ndipo thupi limayamba kubwezeretsa zimene lataya ngakhale munthu akutsegulabe. Nzeru imeneyi inaonetsa mphamvu zake pakati pa anthu othawa kwawo ngati ife tomwe. M'chaka cha 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya othawa nkhondo ku Bangaon, m'dziko la India, ndipo madiripi anatha. Dokotala wina dzina lake Dilip Mahalanabis anayamba kusungunula shuga ndi mchere m'migolo, n'kuuza achibale kuti azimwetsa okha odwala awo. Poyamba pa odwala 100 ankafa pafupifupi 30. Pa amene anathandizidwa mwa njirayi ankafa osakwana 4.

Ndiye mapaketi a mistura amene timagawa aja, olembedwa SRO, musawadelere poti amaoneka ngati ufa wamba. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Certeza. Musagawe paketi pawiri pofuna kusunga, ndipo yotsala ikakwanitsa maola 24 itayeni, musungunule ina. Ngati paketi palibe, tengani lita imodzi ya madzi abwino, muthiremo masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Amati mwana akukana, tiwonjezere shuga kuti itsekemere. Shuga akachuluka amakoka madzi kuchokera m'thupi kupita m'matumbo, kutsegula kuja kumakula. N'chifukwa chake zakumwa zotsekemera za m'mabotolo sizoyenera wodwala, ngakhale achimwene atabwera nazo kuchokera kutauni ndi mtima wabwino.

Mwana wosakwana zaka 2 m'patseni kota mpaka theka la kapu nthawi iliyonse akatsegula. Wa zaka 2 mpaka 9, theka mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza dikirani mphindi 10, kenako yambaninso pang'onopang'ono ndi sipuni. Amayi, bere musaleke.

Tsopano za mapiritsi. Ku CTC, kumene amagonekako odwala kolera, alipo mankhwala opha tizilombo monga doxiciclina ndi azitromicina. Amafupikitsa masiku otsegula, koma achipatala ndi amene amaona woyenera kupatsidwa, makamaka amene wadwala kwambiri, ndipo amayamba kaye am'bwezera madzi. Ana aang'ono amapatsidwanso zinco woti amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize ndithu ngakhale ataoneka kuti achira. Makapisozi ogula pamsika, aja amagulitsa awiriawiri atakhala padzuwa tsiku lonse, ndi kutaya ndalama zimene pano n'zosowa kale, ndipo kumwa mankhwala opha tizilombo mwachisawawa kumachititsa tizilombo kuwazolowera. Mapiritsi oimitsa m'mimba monga loperamida sachotsa tizilombo, ndipo kwa ana ndi oopsa. Ibuprofeno ndi diclofenac, amene ena amamwa miyendo ikamakokana, akhoza kuwononga impso za munthu amene madzi atha m'thupi. Kukokanako kumabwera chifukwa cha kutha kwa madzi ndi mchere, ndiye mankhwala ake ndi mistura yomweyo.

Makala ali nayo ntchito yabwino pa nkhondo ya kolera: kuwiritsa madzi mpaka abwadamuke, ndi kuphika chakudya choti mudye chikadali chotentha. Koma mbaula ikhale panja. Makala akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wina wa kaboni, monóxido de carbono, umene suoneka komanso sununkha. Umayambitsa litsipa, chizungulire ndi tulo, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Ngakhale kuzizire bwanji, musalowetse mbaula m'tenti n'kutseka.

Mukaona munthu akutsegula madzi okhaokha katatu kapena kuposa pa tsiku, yambani kum'mwetsa mistura nthawi yomweyo n'kunyamuka naye, botolo lili m'manja, akumwa m'njira. Maso akalowa m'kati, khungu likamachedwa kubwerera mukalitsina, akasiya kukodza, kapena akamalephera kumwa, ameneyo akufunika diripi. Musadikire kuti kuche. Dzutsani activista amene ali pafupi nanu kapena amfumu a pa msasa kuti akuthandizeni kum'nyamula. Ku CTC salipiritsa.